Kodi nati ya pakati pa habu imangidwe mpaka pati? Beringi yandithera kawiri m'miyezi isanu

Woyendetsa takisi wa ku Kapata

Moni kwa inu nonse, makamaka akuluakulu amene mwakhala zaka zambiri mukugwira sipanala. Ndili ndi Toyota Corolla ya mtundu wa NZE121, imene ndimanyamulira anthu kuchoka m'tauni ya Chipata kupita ku malire a Mwami ndi kubwerera, ndipo masiku ena ndimafika ku Katete munthu akandichita hayala. Chandibweretsa pano ndi beringi ya tayala lakutsogolo la kumanzere, imene yandithera kawiri m'miyezi isanu yokha.

Ulendo woyamba, makanika amene anandisinthira anamanga nati yaikulu ya pakati ija ndi sipanala yolumikizidwa ku paipi yaitali, ndipo anakwera pa paipiyo ndi miyendo yonse iwiri nadumphapo kangapo, akunena kuti nati imeneyi siifuna munthu wa manja ofewa. Beringi imeneyo inakhala miyezi itatu. Nditapita kwa mkulu wina, iye anati woyamba uja ndiye anaipha poimanga mopitirira, motero atasintha anamanga natiyo kenaka naibweza m'mbuyo pang'ono kuti tayala lizizungulira momasuka, monga momwe amachitira pa Hilux ya kwawo. Nati anabwezerapo yakale yomwe ija. Tsopano papita masabata asanu ndi awiri okha, koma kulira kwayambanso, kumakula ndikapitirira makilomita 60 pa ola, ndipo kumamveka kwambiri ndikamakhotera kumanja. Ndikakweza galimoto pa jeke n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, likugwedera.

Kumapeto kwa mwezi uno ndiyenera kupita ku Lusaka ndi banja langa, ndipo mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa sindifuna kuwatsika ndi tayala limene mtima wanga ukulikayikira. Akulu anati safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndikufunsa: pa amakanika awiriwa, wolondola ndani? Kodi natiyi ili ndi muyeso wake weniweni, kapena munthu amangomva m'manja kuti yafika?

Makanika wa ku Katete

Achimwene, onse awiri anaphonya, koma wachiwiriyo ndiye anaphonya kwambiri, ngakhale kuti mawu ake amamveka anzeru. Iye anatenga lamulo la beringi ya mtundu wina n'kuliika pa galimoto imene siiyendera lamulo limenelo, ndipo zimenezi ndimaziona kawirikawiri kwa anthu amene anaphunzira ntchitoyi pa magalimoto onyamula katundu asanayambe kugwira timagalimoto tochokera ku Japan.

Pali mitundu iwiri ya maberingi a matayala, ndipo nati imagwira ntchito yosiyana pa mtundu uliwonse. Pa Hilux yakale kapena Land Cruiser, kutsogolo kumakhala maberingi awiri osiyana, yam'kati ndi yakunja, okhala ndi tizitsulo tonga timigolo tonenepa mbali imodzi. Maberingi amenewa timawatsuka, timawapaka girisi ndi manja, ndipo nati yake ndiyo imachuna kuthina kwawo. Pamenepo n'zoona kuti timamanga tikuzunguza habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, kuti tizitsulo tikhazikike, kenaka timamasula n'kumanganso pang'ono chabe. Mkulu wanu uja sananame za Hilux ya kwawo.

Corolla yanu ndi nkhani ina. Beringi yake ndi imodzi, yotsekedwa kale ndi girisi wake m'kati, ndipo ili ndi mizere iwiri ya timipira tachitsulo, mphete imodzi yakunja, ndi mphete ziwiri zam'kati zoyang'anizana. Kuthina kwake kunachunidwa kale kufakitale. Ntchito ya nati si kuchuna kanthu ayi, koma kukoka mwamphamvu shafuti ya CV joint, cholumikizira chimene chimapereka mphamvu ya injini ku tayala, kuti mphete ziwiri zam'kati zija zikumane n'kugwirana ngati chitsulo chimodzi. Mukaibweza m'mbuyo, ngakhale pang'ono, mphetezo zimasiyana, timipira timachoka m'njira yake n'kumayenda m'mphepete, ndipo dzenje lililonse la pa msewu limazimenyanitsa. Kugwedera kumene mukukumva pa jeke n'komweko. Buku la Toyota limalola kusewera kosapitirira 0.05 mm, kumene dzanja la munthu silingakumve n'komwe, choncho ngati inu mukukumva, beringiyo yapita kale ndipo kumanga natiyo lero sikungaiukitse.

Muyeso ulipo, ndipo pa NZE121 ndi 216 Nm, kutanthauza manyutoni-mita, muyeso wa mphamvu yopotokola nati. Natiyo imalowa soketi ya 30 mm ya makona 12, ndipo imamangidwa ndi torque wrench, sipanala imene imalira kuti "tha" ikafika pa muyeso umene mwaichunira. Muziyang'anitsitsa manambala a pa sipanalayo, chifukwa zina zimalembedwa m'muyeso wina wotchedwa ft-lb, ndipo pamenepo nambala yanu ndi 159. Munthu akasokoneza ziwirizi n'kuchuna 159 pa mzere wa Nm, natiyo imatsala yosakwana iye akuyesa kuti watsatira buku. Musatenge nambala imeneyi ngati ya galimoto iliyonse, popeza ngakhale pakati pa Toyota zokhazokha zimasiyana, ndipo Camry zambiri zimafuna 294 Nm.

Nanga wa paipi uja? Kunena zoona, beringi ya mtundu uwu imapirira kumanga mopitirira pang'ono kusiyana ndi kumanga moperewera, ndipo n'chifukwa chake yake inakhalitsa kuposa ya mnzake. Koma kudumpha pa paipi si kupitirira pang'ono. Mphamvu yotere imakoka mazinga a shafuti ndi a nati mpaka kutalika, imapanikiza mphete zam'kati, ndipo beringi imayamba kutentha ikamazungulira. Mazinga akatalika sabwerera, ndipo nati yomangidwa pa mazinga otero imatha kumasuka yokha pakapita nthawi. Choncho muyang'anitsitse kumapeto kwa shafuti yanu musanaikepo nati ina.

Mfundo ina imene ndiikirapo mtima ndi ya nati yakale. Nati ya galimoto yanu ilibe pini, koma ili ndi kamlomo kopyapyala kamene timakakhoma kuti kalowe m'kampata kogobedwa pa shafuti, ndipo n'kameneko kamene kamailetsa kubwerera. Kamlomo kameneko kakakhomedwa kamodzi n'kuwongoledwa, kamafooka kapena kung'aluka. Gulani nati yatsopano pamodzi ndi beringi. Pochotsa yakaleyo, ayambe atukula kamlomoko ndi tchizulo yaing'ono, chifukwa kuimasula ili chikhomedwere kumadya mazinga a shafuti. Mazingawo akhale oyera ndi ouma, osapakapo girisi kapena oyilo, popeza muyeso wa m'buku unawerengedwera mazinga ouma, ndipo mafuta amachititsa kuti nati ikoke kwambiri kuposa mmene sipanala ikusonyezera.

Ulendo wa ku Lusaka musauyambe ndi tayala limenelo. Ndinganenenso kuti ngakhale wa ku Mwami muuimitse kaye, popeza mumanyamula anthu a eni.

Mphunzitsi wa sayansi wa ku Chadiza

Bambo a ku Katete afotokoza bwino za zitsulo, ine ndingowonjezera masamu ake, chifukwa nambala ya 216 imaopsa munthu amene sanaione ikugwira ntchito. Mphamvu yopotokola nati ndi kulemera kumene mwakankha nako kuchulukitsa ndi kutalika kwa chogwirira. Kilogalamu imodzi imakankha ndi mphamvu ya manyutoni 9.8, motero 216 Nm ndi chimodzimodzi kupachika makilogalamu 22 kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi. Ndowa ya madzi ya malita 20 imene ana athu amasenza kuchokera ku mjigo yatsala pang'ono kufika pamenepo.

Tsopano tiyeni tiyeze makanika wa paipi uja. Tikati iye amalemera makilogalamu 70 ndipo anaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi, natiyo inalandira 686 Nm, kumene ndi kupitirira katatu muyeso wa m'buku, ndipo apa n'kuti asanadumphe. Kudumpha kumawonjezera mphamvu imene palibe angaiwerenge, chifukwa thupi likagwa kuchokera m'mwamba limakankha koposa kulemera kwake.

Masamu omwewa angathandize munthu amene wagwidwa ndi vuto kutali ndi tauni. Mugawe 22 ndi kulemera kwanu, ndipo yankho lake ndi mtunda, m'mamita, kuchokera pakati pa nati kufika pamene phazi lanu liyenera kuponda. Munthu wa makilogalamu 70 aponde pa masentimita 31, wa makilogalamu 60 aponde pa masentimita 37, ndipo wa makilogalamu 80 aponde pa masentimita 28. Chitsulocho chikhale chogona mofanana ndi nthaka, munthu akwerepo pang'onopang'ono ndi phazi limodzi osagwira galimoto mwamphamvu, ndipo chikasiya kutsika atsikepo. Chikapendekeka, mphamvu imachepa ndipo masamuwo salondolanso.

Sindikunena kuti njirayi ilowe m'malo mwa torque wrench, popeza phazi ndi lotambalala ndipo ambiri a ife tinakwera sikelo kalekale kuchipatala. Ndikungonena kuti ili pafupi ndi choona kuposa kudumpha. Ine ndinaigwiritsa ntchito kamodzi pa Vitz yanga titasintha CV joint kuno ku Chadiza, ndipo nditafika ku Chipata ndinapempha kuti ayeze ndi sipanala yeniyeni ndisanapitirire ulendo. Chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti ma torque wrench ambiri amene amagulitsidwa omangira matayala amathera pa 210 Nm, choncho muyambe mwafunsa ngati ya pa garajapo imafika kumene mukufuna.

Dalaivala wakale wa msewu wa Lundazi

Ndawerenga zonse ndipo sinditsutsa manambala, koma ndikuona ngati tikuika mlandu wonse pa nati pamene ena olakwa akuyenda momasuka. Ine ndayendetsa Land Cruiser zaka zambiri pakati pa Chipata, Lundazi ndi Chama, m'nyengo imene torque wrench tinkangoimva dzina, ndipo maberingi athu sankatha m'miyezi itatu. Chimene chasintha masiku ano ndi zitsulo. Beringi zina zimabwera m'bokosi lolembedwa Koyo kapena NSK, maina a mafakitale odziwika a ku Japan, koma m'katimo muli chinthu chongotengera dzina, chimene ngakhale mutachimanga ndi sipanala yochokera kumwamba sichingapirire mabampu ndi maenje athu. Mwana wanga wa ku Kapata, kodi maberingi awiriwa munagula kuti, ndipo mtengo wake sunakudabwitseni kutsika?

Chachiwiri, mufunse mmene anailowetsera. Beringi ya Corolla imafuna makina opanikizira, koma m'magaraja ambiri a pansi pa mtengo amailowetsa ndi nyundo ndi soketi yakale. Nyundo ikamenya mphete yolakwika, timipira timasiya timaenje m'njira yake, ndipo beringiyo imakhala yafa isanaone n'komwe msewu.

Popeza nkhani ya maberingi a Hilux ndi Land Cruiser yatchulidwa, ndiloleni ndiikonze pang'ono kuti wina asawerenge mwatheka n'kukataya tayala. Pa magalimoto amenewa, aja oyendera matayala onse anayi, pamakhala manati awiri a 54 mm ndi washala ya timakutu pakati pawo. Nati yam'kati ndiyo yochunira, ndipo imamangidwa mukuzunguza habu, kumasulidwa, n'kumangidwanso mopepuka. Yakunja ndiyo yotsekera, ndipo ikamangidwa imakankha yam'katiyo pang'ono, motero kuthina kumayesedwa manati onse awiri atamangidwa, kenaka n'kupinda timakutu ta washala, kena pa nati yam'kati, kena pa yakunja. Pa magalimoto a nati imodzi ya mano ndi pini, pini ikhale yatsopano. Ndinaonapo msomali wa malata utalowetsedwa m'malo mwa pini, ndipo tayala la galimoto imeneyo linatsogola lokha kulowa m'munda wa thonje mwini wake akuliyang'ana.

Chizolowezi chathu chinali chakuti tikasintha beringi, timayenda makilomita angapo n'kuima, ndipo timagwira habu ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwino, koma ikakuotchani pamene simunaponde mabuleki kwambiri, mubwerere pomwepo.

Makanika wa ku Katete

Akulu a ku Lundazi anena zoona pa za zitsulo zachinyengo ndi za nyundo, ndipo pamenepo sindiwatsutsa. Polowetsa beringi m'chitsulo chake timapanikiza mphete yakunja yokha, ndipo polowetsa habu m'beringimo timachirikiza mphete yam'kati kuti isakankhidwire kunja. Koma pa mawu akuti kale munkayenda bwino popanda torque wrench, ndipemphe kusiyana nanu pang'ono, akulu. Maberingi anu aja ankalankhula ndi dzanja, popeza mukamanga kwambiri habu inkalimba, mukaperewera inkagwedera, ndipo munthu wozolowera ankamva pamene pali pakati. Ya Corolla siilankhula. Pa 100 Nm ndi pa 216 Nm tayala limazungulira chimodzimodzi pa jeke, ndipo kusiyana kwake kumadzaonekera pa msewu patapita masabata.

Ndinaiwala kutchula chinthu chimodzi chimene chimapha maberingi ambiri atsopano. Galimoto isatsitsidwe kuti ilemere pa tayala, ndipo isakankhidwe ngakhale mamita ochepa, natiyo isanamangidwe kapena shafuti isanalowe m'habu, chifukwa pa nthawi imeneyo palibe chogwirizanitsa mphete zam'kati zija. Njira yabwino ndi yomanga galimoto ili m'mwamba pa zochirikiza zolimba, mnzanu ataponda mabuleki. Ngati mabuleki sakugwira mokwanira, mumange natiyo kolimba ndithu ili m'mwamba, muike tayala lochotsa kachivindikiro ka pakati, mutsitse, muike miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo mumalizitse pomwepo galimoto isanasunthe. Mfuti ya mpweya, chida chozunguza manati ndi mphamvu ya mpweya, ndi yabwino pomasula, koma pomanga siidziwa pamene iyenera kulekera. Sipanala ikokedwe kamodzi mosadukiza mpaka ilire, osabwerezabwereza, kenaka mukhome kamlomo kaja ndi chitsulo chobuntha kuti kalowe m'kampata popanda kung'ambika. Manati a tayala lenilenilo ndi 103 Nm, omangidwa modumphanitsa, ndipo si bwino kuwaiwala pamene torque wrench ili kale m'manja.

Woyendetsa takisi wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, ndabwera kudzanena zimene tapeza. Galimoto ndinaiimika monga anandilangizira bambo a ku Katete, ndipo ndinafufuza garaja imene ili ndi makina opanikizira ndi torque wrench yofika 350 Nm, ngakhale kuti zinanditengera tsiku lathunthu ndikuyendayenda pa kabaza.

Titachotsa tayala, natiyo inamasuka ndi sipanala wamba popanda paipi, ndipo kamlomo kake kanali kong'aluka mbali imene kanakhomedwa kawiri. Mphete imodzi yam'kati inatuluka itakakamira ku habu, ndipo pamalo pamene inakhala panali potha kotero kuti chikhadabo chinkakodwapo, choncho habu nayo inafunika kusinthidwa. Mazinga a shafuti anali atayamba kuonongeka kumapeto kwenikweni, koma makanika atawayesa ndi nati yatsopano, inalowa ndi dzanja mpaka kumapeto popanda kugwedera, motero shafutiyo tinaisiya.

Funso la akulu a ku Lundazi linandichititsa manyazi pang'ono, chifukwa beringi yoyamba ndinasankha yotsika mtengo pa ziwiri zimene anandionetsa. Ndakumbukiranso kuti pa ulendo wachiwiri uja tinakankha galimoto kuichotsa padzuwa kupita pamthunzi nati ili m'thumba mwa makanika, ine ndemwe ndikuthandiza kukankha. Ulendo uno ndinaima pomwepo mpaka sipanala inalira pa 216, ndipo ndinaona ndi maso anga akukhoma kamlomo ka nati yatsopano. Amayi a ku Chadiza, masamu anu ndawalemba kuseri kwa buku limene ndimalembamo za mafuta, pamodzi ndi masentimita 30, popeza sikelo ya ogula soya inandipeza ndi makilogalamu 73.

Dzulo ndinapita ku Mwami kawiri ndipo kulira kuja kwatha, habu inangofunda monga inzake ya kumanja. Makanika wanena kuti mphira wa CV joint ya kumanja wayamba kung'aluka, kutanthauza kuti nati ya mbali imeneyo iyenera kumasulidwanso sabata ya mawa, ndipo yatsopano ndaigula kale ili m'galimoto.